Penti Wosauma

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Kuzizira koopsa. M'mphuno kuuma ndisanafike pokwerera basi. Chikepe chafanso, ndakwera masitepe ndi chikwama ndi mkaka.

Kunyumba fungo la thina wosungunulira penti, ngati masiku onse. Zovala zanga zonse zimanunkha choncho. Colton wa m'kalasi mwathu amati ndimagona m'galaja. Bola aziganiza zomwezo.

Amayi ali pa chithunzi chachikulu chija. Chachitali kuposa ine, chotsamira khoma la pakati pa khitchini ndi bedi langa. Khoma ndikungonena. Muno mulibe makoma enieni ogawa zipinda. Kale ankasokeramo majekete. Chipinda chimodzi chachitali, mawindo osatseguka, ndipo kwanga ndi matabwa awiri ndi katani. Ndikafuna madzi, ndidutse pa chithunzi. Ndikafuna kuchimbudzi, pa chithunzi.

Mkazi wosavala, wangoima, manja m'mbali. Mutu palibe, felemu yathera pakhosi. Akazi onse amene Amayi amajambula alibe mitu. Ndinawafunsapo ndili wamng'ono. Anati, "Sindine ndinayamba kudula mitu, Nestor. Kayang'ane zikwangwani zotsatsa mowa mumsewu wa Portage, udzandiuze ngati atsikana aja ali ndi nkhope."

Enawo ndi anthu obwera kudzakhala pampando, olipidwa. Uyu ndi iwo eni. Ndikudziwa chifukwa cha chipsera cha pamimba. Cha opaleshoni. Changa. Amati ndi khomo limene ndinatulukira, ndipo amanena zimenezi ngakhale pali alendo.

Ndadya mapirogi, timitanda ta ufa ta mbatata mkati, nditayang'ana firiji.

Lachinayi, 29 Febuluwale

A Sandhu, aphunzitsi a zojambula, alengeza ulendo. Lolemba pa 18 Malichi kalasi yonse ikaona chionetsero ku nyumba yogulitsira zithunzi ya a Gwen Pruitt. "Halyna Demchuk, wojambula wa mumzinda wathu womwe uno." Dzina la Amayi analemba pabolodi, zilembo zazikulu. Mpando wanga ngati ukumira.

Palibe anatembenuka. Ine ndine Nestor Reimer. Dzina la Bambo, amene ali ku Calgary ndi mkazi wina ndi galu. Chinthu chokha chothandiza chimene anandisiyira. Kumisonkhano ya makolo Amayi sabwera, amaiwala. Sindiwakumbutsa. A Sandhu ayamba chaka chino, sakudziwa kanthu.

Anafotokoza kuti zithunzizo n'zokhudza mmene anthu amayang'anira thupi la mkazi ngati katundu wa m'sitolo, ndiye tikapite ndi nzeru za akulu. Colton ali kumbuyo: "Madamu, kujambula ndi foni n'kololedwa? Tizikawerenga kunyumba." Kalasi yonse kuseka. Inenso ndinaseka. Mochedwa pang'ono, koma ndinaseka.

Chaka chatha Colton anajambula mnyamata wina akulira kuchimbudzi. Pofika masana aliyense anali nacho m'foni. Mnyamatayo anasintha sukulu. Dzina lake ndaliiwala, nkhope yokha yolira ndiyo ndimaikumbukira.

Ndaganiza bwinobwino. Mutu palibe. Dzina langa palibe. Ndikaima kumbuyo, manja m'matumba, zidutsa.

Lolemba, 4 Malichi

Ntchito ya mbiri, awiriawiri, za sitalaka ya 1919. Andipatsa Jomar Villanueva. Amalankhula ngati wailesi. Ndi yekhayo amene nthawi zina amakhala pa tebulo langa masana, mwina chifukwa sindimudula mawu.

Kwawo sizingatheke. Abale afika kuchokera ku Manila, akugona pabalaza, palibe poika buku. Ndinati ku laibulale. Anati anamuthamangitsako chifukwa cha phokoso. Ndinati pa foni. "Kwanu, aise. Kapena mumaweta ng'ona?"

Ndati Lachitatu. Lachitatu madzulo Amayi amakaphunzitsa okalamba kupenta maluwa.

Palibe wa kusukulu anakwerapo masitepe amenewa.

Ndawamva Amayi pa foni ndi a Gwen. Lendi ikukwera. Ngati chachikuluchi sichigulidwa, tisamuka. Kuli bambo wina wa ku Toronto amene wachiona pa foni ndipo akuchifuna. Ndinapezeka ndikulakalaka asagule. Nyumba ina iliyonse ili ndi zitseko. Kenako manyazi.

Lachitatu, 6 Malichi

Ndilembe msanga Amayi asanabwere.

Ndinathamanga kuchokera pa basi. Zithunzi zing'onozing'ono ndinazitembenuzira kukhoma. Chachikulu sichisunthika ndi munthu mmodzi. Penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume, zimenezo ndazidziwa ndikukwawa. Ndiye ndinayesa. Chala pakona. Pouma. Pabondo. Pouma. Paphewa, pouma. Pakati sindinakhudze. Sindiyang'ana n'komwe pakatipo, ndikhudza bwanji.

Ndinasolola nsalu ya pabedi panga. Ya tindege ija, yakale, yofwifwa. Ndinakwera pampando n'kuiponya pamwamba. Inakwana mpaka m'maondo. Kutsogolo ndinaikako makatoni.

Jomar anaikonda nyumba. Kuthamanga uku ndi uku, kukuwa kuti amve mawu akubwerera. "Anthu inu mumakhala ngati m'filimu. Kwathu ukayetsemula agogo amayankha ali kuchimbudzi." Anafunsa za nsalu. Ndinati ndi zinthu za eninyumba. Anangoti oho.

Mipando ili ndi penti, ndiye tinakhala pansi. Anakankha makatoni ndi phazi, n'kutsamira nsalu ndi msana wonse, akudya manudo. Ndinaona.  Kumuuza kuti achoke kukanafuna kumuuza chifukwa. Anatsamira ntchito yonse mpaka kutha, akudzigwedeza akamaseka.

Poimirira anatembenuka. "Aise, khoma lanu likutuluka magazi." Penti wofiirira atalowerera pa nsalu, malo aakulu ngati mbale. Ndinati ndi dzimbiri. Ndinamuperekeza mpaka pansi.

Pochotsa nsalu inalira ngati pulasitala pa chilonda.

Amayi anapentanso pamimba pa chithunzicho lero m'mawa ine ndili kusukulu. Amatero nthawi zonse, ndimadziwa, amati amaliza kenako n'kubwereranso pa chipsera. Penti wokhuthala, wopaka ndi mpeni. Yense wachoka. Mimba ili pa nsalu yanga, yotembenuka, chipsera pakati pa tindege. Pa chithunzi patsala chibowo chotuwa chokhala ndi mizere ya ulusi.

Chionetsero chitsegulidwa Lachisanu la sabata yamawa.

Masitepe. Ndi Amayi.

Lachinayi, 7 Malichi

Sanakalipe. Anaima ndi jekete, chipewa kumutu, chipale chikusungunuka pa nsapato. Nthawi yaitali. Kenako, "Anabwera ndani?" Ndinati mnzanga. "Uli ndi mnzako." Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa buledi. Kenako motsitsa, "Ndiye unandifunditsa."

Basi. Bola akanandiponyera botolo.

Ndinayamba kupepesa, anakweza dzanja. Anatola nsalu pansi ndi zala ziwiri kumbali iliyonse, mosamala, n'kuipachika pa chingwe choyanikira. Ndinagona pa matiresi opanda kanthu.

M'mawa ndinawapeza pampando ndi khofi wozizira, akuyang'ana nsalu. Osati chithunzi. Nsalu.

Kusukulu Jomar wandionetsa juzi yake, banga kumsana. "Mayi anga akuti ndinatsamira nkhumba. Sichikuchoka. Dzimbiri la kwanu ndi lapinki?" Anandiyang'ana pang'ono. Sanapitirize. Kwa Jomar zimenezo n'zachilendo.

Ndinazungulira m'misewu mpaka zala zitasiya kumva. Kulibe kopita. M'sitolo amakuyang'ana ukakhalitsa osagula. Ndinabwerera.

Lamlungu, 10 Malichi

A Gwen anabwera. Tsitsi loyera lodula bwino, magalasi aakulu ngati a wowotcherera, iwo munthu aliyense amamutchula kuti wokondedwa. Amayi anawaitana kuti awauze kuti chachikulu sichikhalapo. Ine kuseri kwa katani, buku m'manja, osawerenga.

A Gwen anayenda chammbuyo mpaka kugunda firiji. "Halyna, usakhudze. Usakonze kanthu. Mulungu wanga."

Zipachikidwa zonse ziwiri, moyandikana. Chithunzi chobooka ndi nsalu yanga. Akuti ndi chinthu chabwino kwambiri chimene Amayi apanga chiyambire. Amayi anati sanapange ndi iwo. A Gwen anati, "Ndiye pamenepo! Zaka zonsezi ukujambula amuna oyang'ana. Uyu ndi mwamuna wokana kuyang'ana, ndipo n'chimodzimodzi, wokondedwa. Wina amavula, wina amafunditsa, mkazi palibe amamufunsa."

Amayi anaseka. Koyamba chichokere Lachitatu. Mawu awo aja a ntchito, othamanga. Anayamba kusankha dzina. "Mwana Wanga Anandifunditsa". Ndipo pakhoma padzakhala mawu ofotokoza: Nestor, wazaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku lina pobwera mnzake. Tsiku lotsegulira Amayi adzakamba nkhani yonse.

Katani ndi nsalu chabe. Amadziwa kuti ndimamva.

Ndinatuluka kukatenga madzi kuti andione. A Gwen anandiona. Anapendeketsa mutu, kubwerera phazi limodzi, maso kuyambira kutsitsi mpaka kumasokosi. Mmene amayang'anira chithunzi asanatchule mtengo. "Ndi ameneyu. Taona mapewa akewo, Halyna, mmene amawapindira. Udzamujambule."



Anaipima nsalu ndi tepi, n'kuikulunga mu pulasitiki. Bambo anandigulira nsalu imeneyo ndisanayambe sukulu. Pakona pali pamene ndinkaluma.

Pa 18 kalasi yonse idzawerenga khoma limenelo. Nestor pasukulu yonse ndi mmodzi.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndanena.

Tinali kudya. Amayi anandifunsa ngati dzina la mnzanga lingalembedwe kapena angoti "mnzake". Ngati akufunsa za mchere. Ndinaika foloko pansi. Ndinawauza za a Sandhu, za basi, za Lolemba, za Colton ndi foni yake. Sankadziwa kuti ndi kalasi yanga. Sankadziwa dzina la mphunzitsi wanga aliyense.

Anati, "Ndiye mpake akawerenge. Ana amenewo ndi amene akufunika kumva zimenezi."

Mawu anatuluka okha. Ndinati inu mutu wanu munaudula. Mukalowa m'sitolo palibe amadziwa kuti thupi lija ndi lanu. Mumabisala kuseri kwa felemu, koma dzina langa mukulilemba pakhoma ndi zaka zomwe. Ndinati simunandifunse. Ndinati mukundipachika.

 

"Ukuchita nane manyazi?"

Ndinati ayi. Kenako ndinati eya. Kenako ndinati sindikudziwa, ndimangofuna kudya osatembenuza mpando.

Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, pamwamba penipeni, pamene khosi lathera. Ananyamuka osamaliza kudya. Analowa kubafa. Phokoso la sikuludalaiva. Anatuluka atanyamula galasi loyang'anira, n'kutsika nalo masitepe.

Ndinatsuka mbale zonse. Ngakhale zoyera.

Lachinayi, 14 Malichi

Galasi silinabwerere. Ndapesa tsitsi ndikudziyang'anira pa ketulo.

Amayi akugwira ntchito pansi, m'chipinda cha mnzawo wosema amene ali paulendo. Amakwera ine nditagona, amatsika ndisanadzuke. Supu m'poto. Sindikudziwa ngati akwiya.

Amuna awiri a kwa a Gwen abwera kudzatenga chachikulu. Pamene chinali patsala khoma loyera. Ndadya nditayang'ana kumeneko. Chakudya sichinakome kuposa kale.

A Sandhu akumbutsanso za Lolemba. Colton akuti wachotsa zinthu m'foni kuti mupezeke malo.

Loweruka, 16 Malichi

Dzulo kutsegulira. Sindinkafuna kupita. Amayi anaima pa katani, tsitsi lonyowa, penti m'zikhadabo. "Ubwere. Sindikupemphanso kachiwiri." Ndinavala shati.

Anthu odzaza, majekete mulu pakona, vinyo m'makapu apulasitiki. Ndinapita molunjika pa nsalu. Aikoka pa felemu, tindege tawongoka. Pambali kapepala kakang'ono. Halyna Demchuk. Penti wa mafuta pa nsalu ya pabedi. Basi. Palibe Nestor. Palibe mwana wanga. Palibe nkhani. Ndinawerenga mobwereza.  Ndinaganiza kuti ndapambana.

Kenako ndinaona kuti anthu onse akuyang'ana m'mwamba.

Pamwamba pa chachikulu alumikizapo kachithunzi kena, kakang'ono, komanga ndi mabawuti kumbuyo. Khosi likupitirira. Mutu. Nkhope ya Amayi, yosapaka kanthu, matumba pansi pa maso, pakamwa potseguka pang'ono ngati akufuna kufunsa kuti wadya. Ikuyang'ana pansi, kwa aliyense woimirira pamenepo. Penti akadali wonyezimira. Atchinga ndi chingwe, aika chikwangwani choti wosauma, musakhudze.

Chipinda chinali chosiyana ndi masiku ena otsegulira. Ndakhala ndikuona amuna pa zionetsero za Amayi kuyambira ndili wofika m'chiuno. Amayandikira, manja kumbuyo, maso kuyenda pang'onopang'ono, kenako amanena za mtundu wa penti. Dzulo ankayamba chimodzimodzi, maso n'kukwera, n'kukumana ndi maso. Kenako kuyang'ana m'kapu.

Bambo wa ku Toronto anabwera. Sikafu yofiira. Ndinamumva akuuza a Gwen, "Si chimene munandionetsa. Ndikachiika m'chipinda chodyera. Ndidya bwanji mayiyu akundiyang'ana?" A Gwen anamwetulira mpaka iye atatembenuka. Kenako kwa Amayi, mano ali pamodzi: "Ndi mabawuti chabe, wokondedwa. Tikhoza kumasula mawa." Amayi anati, "Mutu wanga sumasulidwa."

Ndiye tisamuka, ndikuganiza.

Amayi anandipeza pafupi ndi majekete. Sanandikumbatire, satero. Anati, "Unanena zoona. Ndinkabisala. Dzina lako ndachotsa, langa ndaika lonse." Anali onyada. Ankadikira kuti ndinene kanthu. Ndinati chakongola. Ndi zoona, chakongola, ndi chabwino kuposa zonse zimene anajambulapo.

Pomwepo mayi wina wachikulire, wa kalasi ya maluwa ija, anandigwira mkono. Kuyang'ana ine, kuyang'ana m'mwamba, kuyang'ana ine. "Halyna, mwana wako uyu eti? Sungamukane. Mphuno yomweyo. Mpata wa manowo. Ngati wajambula iyeyu."

Anthu anatembenuka. Ena anaseka mwachikondi.

Amayi anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Masiku onse aja pa galasi sanaganizeko. Ankangoona iwo eni.

Tinabwerera pa basi. Pa windo nkhope ziwiri zofanana.

Lamlungu, 17 Malichi

Galasi labwerera kubafa. Ndaima pamenepo nditatseka pakamwa. Mphuno sibisika.

Amayi akuyenda mwakachetechete m'nyumba ngati muli wodwala. Masana anaima kunja kwa katani, osalowa. Sanachitepo zimenezo. Anagogoda pa thabwa. "Mawa ukhoza kukhala kunyumba. Ndiimba kusukulu kuti uli ndi chimfine. Kapena ndiuze Gwen amasule mutuwo kwa tsiku limodzi." Mawu omalizawo anatuluka movutikira.

 Akamasula ndiye kuti ndawadula mutu ndi ine. Kufunditsa kunakwana.

Ndikakhala kunyumba, kalasi ipitabe. Colton aimabe pamenepo ndi foni. Wina anena kuti taonani, Reimer. Lachiwiri ndidzapeza zonse zikundidikira, ndipo ndidzakhala amene anathawa.

Madzulo uthenga wa Jomar. "Aise. Pa belu la pakhomo panu palembedwa Demchuk. Ndinaona Lachitatu lija. Ndine wolongolola, osati wakhungu."  Uthenga wina: "Sindinauze munthu." Wina: "Msuweni wanga anali kumeneko Lachisanu, amagawa vinyo. Akuti pali nsalu ya tindege. Ndiye msana wanga uli pa chionetsero ndipo palibe wandilipira?" Wina: "Mawa ndikhala nawe m'basi. Ubweretse chingamu, umanunkha thina."

 Ndinalemba kuti chabwino.

Amayi aphika mapirogi ambiri kuposa anthu awiri. Tinadya titayang'ana khoma loyera. Anafunsa dzina la mphunzitsi. Ndinati a Sandhu. Analibwereza motsitsa kuti asaiwale.

Lolemba, 18 Malichi

M'mawa. Kunja kukadali mdima, chipale chatsopano.

Amayi ali patebulo, foni m'manja, nambala ya sukulu ili kale pagalasi. Sakundiyang'ana. Akudikira ndinene.

Ndakhala ndikuganiza za nkhope ija. Ili yokha kumeneko, pamwamba pa chingwe, penti wosauma. Siingatembenuke. Siingapinde mapewa. Ana makumi atatu alowa ndi nsapato zonyowa, ndipo iziwayang'ana mmodzimmodzi mpaka atatopa ndi iwo.

Colton akakweza foni, ajambula mphuno imeneyo kaya ndilipo kaya palibe.

 Chingamu ndaika m'thumba. Ndavala nsapato imodzi.

Afunsa, "Ndiimbe?"

Ndati ikani foni pansi.

Ndikaima pati, sindikudziwa. Kumbuyo sikuthandizanso. Mwina kutsogolo, pafupi ndi chingwe, poti wina angakhudze. Penti uja sanaume.

Nsapato inayo ili kuti